Anti Winfrida ndi Mitengo ya Pansi pa Madzi

Inu amene mwalemba mayeso katatu, katatu konseko n'kulephera, senderani pafupi. Nanunso amene mtima umakuwawani mnzanu akavala chatsopano, musathawe, nkhaniyi ndi yanunso. Ine ndine Mwayiwathu wa ku Barking kuno ku London, ndili ndi zaka 15, ndipo amayi amati pakamwa panga anaiwala kuikapo chitseko. Lero zimenezo zikuthandizani.

Mu Novembala 2007, anti Winfrida anagogoda pakhomo pathu ali ndi chikwama chimodzi chamizeremizere chija, zipi yake yomanga ndi waya. M'manja anali ndi kalata ya zotsatira za mayeso, yonyowa ndi mvula. Anali atalephera kachitatu mayeso a Chingerezi amene anamwino ochokera kunja amalemba asanaloledwe kugwira ntchito m'chipatala kuno. Kachipinda kamene ankagona ku Woolwich, mwini wake anali atakafuna. Analibe kwina kolowera.

Si anti anga enieni ayi. Ndi mnzawo wa amayi, anaphunzira limodzi za unamwino ku Malawi. Ndiye imvani pamene pakoma nkhani. Kusukuluko wanzeru anali anti Winfrida. Amayi anga, a Esnat, ankakopera manotsi awo. Izi sindinazimve kwa amayi, ndipo musandifunse kumene ndinazimva. Koma amayi anabwera ku London mu 2002, zinthu zisanavute, n'kulowa ntchito m'chipatala bwinobwino. Anti anachedwa chifukwa ankadwazika bambo awo, ndipo pamene ankafika anapeza khomo atalikhwimitsa.

Kulemba ankakhoza. Kuwerenga ankakhoza. Koma akangokhala pamaso pa mzungu wofunsa mafunso, lilime linkauma gwa. Chibwibwi chimene anali nacho ali mwana chinkabwerera, mawu n'kukanirira pakhosi.

Anagona pa sofa yathu miyezi itatu. M'mawa uliwonse ndinkawaona mmene ankayang'anira yunifomu ya amayi. Ankaisita mwaulemu, kolala n'kuima njo, kenako n'kukakhala kukhitchini nthawi yaitali osayatsa ndi ketulo yomwe. Tsiku lina ndinawapeza kubafa ataima pagalasi, atadzipachika baji ya amayi pachifuwa. Atandiona anaichotsa msangamsanga.

"Usakanene, Mwayi," anatero.

Ndinalonjeza. Pofika Lamlungu kwaya yonse ya kutchalitchi inali itadziwa.

Ntchito imene anapeza pomaliza inali yosamalira okalamba, kudzera ku ejensi ina yopezera anthu ntchito. Anawatumiza kupitirira Ilford, kwa Bambo Harry, mzungu wa zaka 78 amene akazi awo anamwalira kalekale. Maso awo anali atachita khungu, ankangoona mithunzi m'mbalimbali. Inali ntchito yogonera konko: kuwaphikira, kuwapatsa mankhwala, kuwawerengera makalata. Osamalira anayi anali atathawa kale. Chifukwa chake? Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse mkuluyo ankafuna kukawedza, kuzizire kusazizire.

Pafupi ndi kwawo pali dziwe lalikulu, pamene kale ankakumbapo miyala yomangira, kenako madzi n'kudzaza. Limayang'aniridwa ndi kalabu ya owedza. Pansi pake pali mitengo yathunthu, ina inamira ili chiimire, ina inagwetsedweramo ndi mphepo. M'nthambi zake ndi mmene mumabisala nsomba ina yamizere yakuda ndi zipsepse zofiira, imene kuno amati pechi. Bambo Harry moyo wawo wonse unali pa pechi basi.

M'kabwato kawo munali kamakina koonera pansi pa madzi, ka sikirini yaing'ono ngati buku la nyimbo. Kamatumiza phokoso pansi, phokosolo likagunda chinthu limabwerera, ndiye iko kamajambula zimene kamva. Vuto linali loti mwini wake sankaionanso sikiriniyo.

"Undiuze zimene ukuona," anatero Bambo Harry tsiku loyamba, m'Chingerezi chawo chomeza mawu chija.

Anti kwawo ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo bwato anali asanakwerepo chibadwire. Anagwira thabwa ndi manja onse awiri, n'kusuzumira. Pa sikirini panali tizithunzi ta nsomba tambirimbiri, tokongola, tamichira yomwe.

"Nso... nso... nsomba zambiri, Bambo Harry."

Mkuluyo anatsitsa mbedza. Inakola nthambi, chingwe n'kuduka. Yachiwiri, nthambi. Yachitatu, nthambi. Anatukwana mawu amene sindingalembe pano, ngakhale ndikuwadziwa.

Kenako anaseka. "Si iwe wolakwa. Kamakina aka ndi kamiseche. Kakamva kalikonse, kaya tsamba, kaya thovu, kamathamangira kunena kuti nsomba. Zimitsa tizithunzito. Uzionere wekha."

Anti anadina batani limene anawauza, tizithunzi tonse n'kuzimirira. Panatsala mizere, madontho ndi utsi wotuwa, ngati kanema mlongoti ukagwa. Sukulu inayambira pamenepo.

Bambo Harry ankaphunzitsa zimene ankakumbukira maso ali bwino. Chithunzi chimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndiye chimene chili pansi pako panopa chili m'mphepete mwa kumanja. Chakumanzere unachidutsa kale, usachiponyere mbedza. Mzere wapansi ukakhala wonenepa, pansipo ndi miyala, ukakhala wowonda ndi matope. Mtengo umamera kuchokera pa mzerewo, sulekana nawo. Nsomba yeniyeni sioneka ngati nsomba ayi, imaoneka ngati nsidze yopindika, yoyandama payokha. Ukaona kamtambo kotuwa pambali pa mtengo, ndi tinsomba ting'onoting'ono, ndipo pechi zimakhala pafupi, zikudikirira chakudya.

Anti anagula kope la masamu. Ulendo uliwonse ankajambula zimene aona, n'kulemba m'munsi chimene chatuluka pa mbedza: pechi, nthambi, kapena palibe. Pofika Epulo makope anali atatu.

Koma kuona n'kwina, kunena n'kwina. Bwato likuyenda, chithunzi chikuthawa, anti ankafuna kunena kuti nsomba zili pansi pa nthambi yachiwiri. Mawu asanatuluke, mtengo wadutsa. Bambo Harry ankakalipa, anti n'kumameza misozi. Kawiri konse analongedza chikwama kuti achoke, kawiri konse anamasulanso. Akanapita kuti?

Tsiku lina lilime litakaniratu, anti anangogwira mkono wa nkhalambayo n'kuuimika, chigongono pabondo. Anawatambasula zala. Anagunda chigongono: apa ndi pansi. Anasisita mkono: ili ndi thunthu. Anakhudza zala: izi ndi nthambi. Kenako anatsina katatu pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

"Pano. Zitatu."

Bambo Harry anatsitsa nyambo pang'onopang'ono, akuwerenga ndi milomo, n'kuimitsa. Ndodo inapindika. Inatuluka pechi yonenepa ngati buledi wathunthu.

Mkuluyo analira, abale. Akuti zaka zinayi anali asanaone mtengo wa pansi pa madzi, koma tsiku limenelo anauona ndi khungu. Khungu la pamkono ndikunena, osati la m'maso.

Nanga nsombayo anaitani? Anaijambula chithunzi n'kuibwezera m'madzi. Kuno amatero. Amayi atamva anaseka mpaka kukhala pansi.

"Winfrida, zaka zonse zija kusukulu, kuti uzivutitsa nsomba n'kuzipepesa? Ngakhale kamodzi koti tikazinge?"

Koma kusekako sikunakhalitse. Anti ankabwera kwathu Lamlungu atasintha. Masaya anadzaza. Anali ndi jekete yobiriwira yosalowa madzi, mphatso ya Bambo Harry. Kenako kanyuzi ka kalabu kanatulutsa chithunzi: Bambo Harry anyamula pechi, anti ali pambali, mano onse pamtunda. Anti anakabweretsa kwathu mosangalala, n'kukaika patebulo. Amayi anali atangoweruka shifiti ya maola 12, mapazi atatupa. Anakayang'ana nthawi yaitali. Zaka zisanu ndi chimodzi m'chipatala, panalibe amene anawajambulapo.

Inenso ndisadziyeretse. Jekete ija inkandiwawa. Yanga inali yakale yakusukulu, mikono itafupika.

Anti atapita, amayi akutsuka mbale, analankhula. Sanalankhule kwa ine ayi, analankhula kwa sinki.

"Mzimayi wamkulu, tsiku lonse kugwirana manja ndi nkhalamba m'bwato. Kaya akufuna nsomba, kaya akufuna nyumba."

Sinki ilibe pakamwa. Ine ndili napo.

Ndinauza mnzanga Tanatswa. Tanatswa anauza amayi ake. Amayi akewo ankagwira ntchito ku ejensi yomwe ija. Pamene nkhani inkafika kwa mwana wamkazi wa Bambo Harry inali itamera nyanga: akuti anti akufuna kukwatiwa ndi nkhalambayo kuti alande nyumba. Sabata isanathe, ejensi inawachotsa. Bambo Harry nawonso mwana wawoyo anawasamutsira kunyumba yosungirako okalamba, kabwato n'kugulitsa.

Anti anabwerera pa sofa yathu. Chikwama chomwe chija, koma tsopano muli makope asanu ndi awiri. Ankadziwa bwinobwino kumene nkhani inachokera. Sanafunse. Ankasitabe yunifomu ya amayi, ankandiphikirabe tiyi, ndipo ine ndinkalakalaka akanangondimenya mbama kuti zithe.

Ambiri akanathera pamenepo. Iwo ayi. Anapeza ntchito yokonza m'maofesi m'mawa, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu masana ankakwera mabasi awiri kupita kudziwe kuja. Bwato analibe. Ankaima padoko n'kumapempha aliyense wotuluka ndi bwato kuti amuwerengere sikirini ulere. Ena ankakana. Wina anawafunsa ngati asochera. Wina anawapatsa kapu yake kuti atsuke, poganiza kuti ndi okonza. Anaitsuka, n'kupemphanso. Amene ankavomera ankabwerako ndi nkhani yoti auze anzawo.

Mu Januwale 2009 kalabu inalandira bwato lalikulu lafulati, lotha kukweza anthu a pa njinga za olumala ndi osaona, ndipo inkafuna kulemba munthu woti aziwatenga kukawedza. Ntchitoyo inali ndi kachipinda kake pamwamba pa nyumba yosungira maboti. Bambo Harry atamva, ankaimba foni tsiku lililonse ali kwa okalamba kuja, mpaka mkulu wa kalabu anatopa n'kulemba dzina la anti pa mndandanda wa ofuna ntchitoyo.

Opikisana anatsala awiri: anti, ndi bambo wina wandevu zofiira amene anali atawedza dziwelo zaka 20. Aliyense anapatsidwa ola limodzi ndi theka kuti atenge mkulu wa kalabuyo ndi mayi wina wosaona dzina lake Stephanie. Anti anali atanena kale poyera kuti iyi ikakanika, basi, akubwerera ku Dedza. Anali atatopa.

Amayi anati tipite nawo. "Akalephera pafunika womugwira mkono pobwerera," anatero. Anavala nsapato zawo zabwino.

Kunkazizira koti mphuno sumaimva. Ife tinaima kumtunda. Zam'bwato ndinazimva pambuyo pake kwa anthu atatu osiyana, ndiye ndikhulupirireni.

Wandevu ndiye anayamba. Analunjika pa mtengo waukulu umene aliyense amaudziwa, sikirini itadzaza tizithunzi ta nsomba.

"Taonani! Taonani apa!" ankatero, akuloza ndi chala.

"Ndikuyesetsa, bambo," anayankha Mayi Stephanie.

Anadula mbedza zinayi. Anakola kapechi kamodzi kangati chala, wokola wake iye mwini. Komabe kamodzi ndi kamodzi, ndipo anatsika m'bwato akuyenda ngati ntchito waitenga kale.

Anti atalowa, choyamba anazimitsa tizithunzi. Anadutsa pa mtengo womwewo kawiri, pang'onopang'ono. Nthambi zokhazokha ndi masamba owola. Panalibe nsidze, panalibe kamtambo. Anausiya. Mtengo wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, chimodzimodzi. Mphindi 50 zinatha mbedza isanalawe madzi. Mkulu wa kalabu anayamba kuyang'ana wotchi.

Kumtunda amayi anausa moyo. "Ndinanena ine." Koma lamba wa chikwama chawo anali atamufinya ngati akufuna kumudula.

Anti ankadziwa chimene ankafuna. Chinali m'kope loyamba: kukazizira kwambiri, pechi zimasiya mitengo ya posaya, zimatsikira pakuya n'kukakamira nthambi osayandama. Zikatero sizioneka ngati nsidze. Zimaoneka ngati timfundo pa nthambi. Anawongolera bwato kumapeto kwenikweni kwa dziwe, kumene kuli kamtengo kopendekeka kamene palibe ankakalabadira. Sikirini inaonetsa nthambi ziwiri, yam'munsi ili ndi timfundo tisanu. Miyezi yotentha ija, nthambi imeneyo inali yosalala. Anali ataijambula okha.

"Mukuona chiyani? Tafotokozani," anatero mkulu wa kalabu.

Lilime linauma. Anti anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anayesanso, ayi ndithu. Mkuluyo analemba kenakake papepala. Anti anamusiya alembe, n'kutembenukira kwa Mayi Stephanie.

"Mkono wanu, chonde."

Anaupendeketsa ngati kamtengo kaja, anatambasula zala ziwiri, n'kutsina kasanu pa chala cham'munsi. Kenako anawagwiritsa ndodo.

"Tsitsani. Tsitsani. Basi."

Kukuwa kwa mayi uja tinakumva tili kumtunda. Abakha anauluka. Anakola pechi zinayi ndi manja awo, ndipo yomaliza inali yaikulu moti mkulu wa kalabu anavula magolovesi kuti aigwire bwino. Mayi Stephanie anaisisita kuyambira kumutu mpaka kumchira asanaibwezere m'madzi.

Bwato litafika padoko, mkuluyo anapinda pepala lake n'kuliika m'thumba.

"Simulankhula kwambiri, eti?"

"Ayi, bwana."

"Zili bwino. Olankhula tili nawo okwanira. Mudzayambe Lolemba."

Wandevu analowa m'galimoto osatsanzika. Amayi anali chiimire pomwe paja, nsapato zabwino zitamira m'matope. Anti anabwera n'kuima patsogolo pawo.

"Esnat, wabwera kudzandigwira mkono?"

"Ndinabwera kudzakuona ukulephera," amayi anatero. "Wakhala ukundiwawa kuyambira kusukulu, Winfrida. Ndimati kuno ndakupitirira, koma iwe ngakhale m'matope ukuwala. Za nyumba zija ndinanena ndine."

"Ndikudziwa. Ukuganiza kuti iwe sumandiwawa? Yunifomu yako ndinkaisita ndikukukuta mano. Tsiku lina ndinasiya dala simbi pakolala kuti ipse."

"Nanga bwanji sinapse?"

"Simbi yako imazima yokha."

Anayang'anizana. Kenako anayamba kuseka uku akulira, azimayi akuluakulu awiri atagwirana padoko, azungu akudutsa chapatali.

Ine sindinapulumuke mophweka choncho. Loweruka lotsatira anti anandikweza basi mpaka pakhomo pa mwana wa Bambo Harry, n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinanena zonse ndi pakamwa panga, kuyambira pa sinki mpaka kwa Tanatswa. Chingerezi changa n'chabwino kuposa cha aliyense kwathu, koma tsiku limenelo inenso ndinachita chibwibwi. Mayi uja anafiira nkhope yonse. Lachiwiri lotsatira anawabweretsa yekha bambo ake kudziwe, ndipo Bambo Harry ndiwo anali oyamba kukwera bwato latsopanolo. Asanakhale n'komwe anali atapinda kale mkono wa malaya.

Panopa anti amatenga magulu atatu pa sabata, ndipo mayina a odikirira adzaza mpaka Ogasiti. Kachipinda kawo kali ndi windo loyang'ana madzi. Langa limayang'ana mabini a zinyalala. Mukuganiza kuti sizindiwawa? Zimandiwawa ndithu. Koma ndaona ndi maso anga kuti nsanje yanga inawachotsa ntchito imodzi yokha, sinawachotse zimene anaphunzira.

Ndiye inu amene mwagona pa sofa ya mnzanu, inu amene lilime limakukanani pamene mukulifuna kwambiri, dzukani mukakwere mabasi anu awiri. Chimene chakukanikani m'njira ya anthu onse, chiyeseni m'njira yanuyanu. Okunenani adzakhalapo, ena a m'nyumba momwemo, ndipo nanunso mudzawawidwa ndi za anzanu. Zisakukhazikeni pansi. Musataye mtima, ngakhale mphindi 50 zitatha mbedza isanalawe madzi.

Ndipo zikakuyenderani, chonde dzerani ku Barking mudzandiuze ine poyamba. Zindiwawa pang'ono, koma pofika Lamlungu London yonse idzakhala itadziwa.